Amuna Anga Anakana Munda

Amuna anga oyamba ankapita kuntchito kamodzi pa sabata, tsiku Lolemba, ndipo ntchito yawo inali yokauza boma kuti sali pantchito. Ankaigwira mokhulupirika. Kaya kuli dzuwa, kaya mvula, kaya kutsidya kwagwa maliro, iwo ankavala malaya oyera, taye ndi jekete, nsapato n'kuzinyamula m'manja kuti zisathe msanga, n'kutsetsereka phiri kulowera kumsewu. Madzulo ankabwera ndi chidindo chatsopano pa kakhadi kawo. Ine ndinkawachingamira n'kulandira jekete nditagwada, monga amachitira akazi a anthu a m'maofesi. Malaya oyerawo ndinkasita Loweruka ndi simbi ya makala, chifukwa Lamulungu m'nyumba ya Mkhristu simugwiridwa ntchito, ngakhale m'nyumba imene masiku ena onse simugwiridwanso ntchito.

Kwathu ndi kumtunda kwa Nachisaka, ndipo ukwati wathu unali wa chikamwini, monga maukwati ambiri a kumeneko: mwamuna amasiya kwawo n'kudzamanga nyumba kwa mkazi. Minda ndi ya mbumba, ndiye kuti akazi a pamudzipo ndi ana awo, ndipo woyang'anira zonse ndi malume, mlongo wa amayi. Mkamwini amabwera ndi manja ake basi. Amuna anga anabwera ndi manja, sutikesi, ndi setifiketi ya Fomu 2 imene ankaisunga m'kati mwa Baibulo kuti isapindike. Kwawo kunali kumapiri a ku Ntchisi. Anaphunzira sukulu ya mishoni, kumene anawalowetsa zinthu ziwiri mpaka m'mafupa: kulemba zilembo zokongola, ndi kusanama. Pa ziwirizi palibe chimene chinatibweretsera mchere m'nyumba.

Tsiku limene ankhoswe anakumana kuti amange ukwati, setifiketiyo inayenda m'manja mwa aliyense, ngakhale amene anaigwira chozondoka. Onse anavomereza kuti mwana wawo wapeza mwamuna. Inenso ndinkawakonda, ndinene poyera. Anali munthu wofatsa, waukhondo, wosadziwa kutukwana ngakhale mbuzi. Koma ndisadziyeretse: ndinkakondanso nyumba ya malata ndi mpopi wa madzi zimene ndinkaziona kumbuyo kwa setifiketiyo.

Ofesi imene ankapitako sinali yoti munthu n'kuivulira chipewa. Chinali chipinda chimodzi pa malo ena a malonda amene sindiwatchula, chopanikizika pakati pa telala ndi golosale, ulendo wa maola atatu wapansi kuchokera kwathu. M'katimo munali tebulo, kalaliki mmodzi, buku lalikulu la kaundula ndi chidindo. Pakhonde panali benchi. Zinali zaka zija ulendo wa kumigodi ya ku Joni utangoimitsidwa, amuna ambiri atabwerera kumudzi ndi zipewa zawo, alibe pogwira. Zinalinso zaka zimene likulu latsopano linkamangidwa ku Lilongwe. Mbiri inali yoti kumeneko kukufunika makalaliki, olemba matikiti a antchito ndi osunga makiyi, ndipo kudzabwera lole yodzatenga amene mayina awo ali pamwamba m'kaundula. Lamulo linali loti uzionekera Lolemba lililonse. Ukajomba, dzina lako linkatsikira pansi pa onse.

Ndinakaziona ndekha tsiku lina ndikupita ndi mwana ku sikelo, pakuti chipatala chinali mbali yomweyo. Mwana wathu, wamkazi, anali ndi miyezi isanu. Ndinakhala pamthunzi moyang'anizana ndi khondelo, ndikuyamwitsa. Kalaliki anali bambo wamfupi, wa zolembera zitatu m'thumba la malaya. Ankaitana dzina, munthu n'kuimirira, ndipo funso linali limodzi.

"Muli ndi munda, bambo?"

"Kamunda chabe, bwana, ka pamiyala. Chimanga chake sichifika ndi Khirisimasi yomwe."

"Ndiye kuti ndinu mlimi. Mlimi ali pantchito. Zikomo, pitani bwino."

Cholembera n'kudutsa pa dzina. Wina amene anali atachenjera n'kukana, kalaliki ankamuuza kuti atambasule manja, n'kuwatembenuza monga mayi wosankha mbatata pamsika. Manja okhakhala ndi khasu ankamupereka mwini wake.

Chifukwa chake chinali chomveka, ndipo munthu wofuna kukalamba sankachitsutsa. Akuluakulu anali atanena kale kuti m'dziko muno mulibe wosowa ntchito, muli aulesi okha, pakuti nthaka ilipo. Kalalikiyo ankayenera kutumiza chiwerengero cha osowa ntchito sabata iliyonse, ndipo chiwerengerocho chinkayenera kutsika, chifukwa dziko linkatukuka. Ntchito zoti apatse anthu analibe, koma cholembera anali nacho. Ndiye m'dera limene ngakhale wamisala ali ndi kamzere kake ka maungu, benchi ija inkapepuka sabata ndi sabata, ndipo chitukuko chinkaoneka ndi maso.

Atafika pa amuna anga, kalaliki anafunsa funso lomwelo.

"Ndilibe, bwana. Ndili pachikamwini. Munda umene ndimathandizako ndi wa apongozi anga."

"Onetsani manja."

Manja anali osalala ngati a abusa. Kalaliki anakwinya nkhope monga munthu amene waluma mwala m'nyemba, n'kudinda khadi.

Amuna anga sanali kunama. Munda unalidi wa amayi. Za manjazo, amuna anga ankakulunga kansalu pa mpini wa khasu, ndipo pa nthawi imene akamwini anzawo ankavula malaya kuti ayambe kulima kwenikweni, iwo anali atakhala kale pa chulu akuwerenga nyuzipepala ya mwezi watha. Ankati kalaliki wa manja a matuza sangagwire bwino cholembera. Ine ndinkawavomereza, chifukwa mpopi uja ndinali ndikuumvabe ukuthira madzi m'ndowa.

Tsiku limenelo ndinaseka njira yonse yobwerera. Nditafika ndinawafotokozera amayi zonse, mpaka kutsanzira mawu a kalaliki ndi katembenuzidwe kake ka manja, ndipo amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Pakamwa panga pamandipweteketsa kuyambira kale. Sindinaganize kuti nkhaniyo amayi akaitula kwa mlongo wawo.

Mwambo sulola mkamwini ndi apongozi ake aakazi kuyankhulana maso ndi maso. Amayi ankausunga mwambowu bwino lomwe. Ankayankhula ndi nkhuku. Lolemba m'mawa, amuna anga akumanga taye pakhonde, amayi ankabwera ndi madeya kudzamwaza chapafupi ndithu ndi nyumba yathu, ngakhale kuti bwalo lawo linali lalikulu, n'kumauza tambala: "Idya, bwana, idya. Iwe ntchito yako ndi kulira m'mawa ndi kuvala zokongola. Zofukula n'za akazi." Amuna anga ankamaliza kumanga taye ngati sakumva.

Malume anali a mtundu wina. Anali mlimi wa fodya, munthu wosekaseka, ndipo sindinawamvepo akukweza mawu. Anali ndi wailesi imene dzuwa likapendeka ankaiika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kukhala pa mphasa. Wailesiyo inkanena tsiku ndi tsiku kuti chuma cha dziko chikukwera, kuti chaka chamawa chidzaposa chino, kuti alendo ochokera kunja akudabwa nafe. Nthawi imeneyo ukafuna kudandaula kuti sopo wasowa m'golosale unkayamba wacheuka. Malume sankadandaula. Ankangogwedeza mutu n'kutembenukira kwa amuna anga.

"Mwamva, akamwini? Chuma chanyamuka kale. Poti inu mumapita kumsewu sabata iliyonse, mukakumana nacho mudzachilozere njira ya kuno. Chingasochere, mapiriwa ndi ofanana."

"Ndamva, malume," amuna anga ankayankha choncho.

Mpaka lero sindidziwa ngati malume ankaseka wailesi kapena amuna anga.

Panadutsa dzinja limodzi, kenako lachiwiri. Dzina la amuna anga linkakwera m'kaundula, mpaka linafika pachitatu kuchokera pamwamba. Amene anali patsogolo pawo onse anali atapezeka ndi minda. Ife tinkadya za m'nkhokwe ya amayi. Mkazi wamkulu, wa mwana kumbuyo, ndinkanyamula dengu kupita kukatapa chimanga kwa amayi anga monga kamtsikana kotumidwa, pamene ana a amayi aang'ono, amene anakwatiwa pambuyo panga, anali ndi nkhokwe zawo kuseri kwa nyumba. Kuchitsime anzanga ankandifunsa mwaulemu kwambiri kuti abwana akwezedwa liti pantchito. Ndinkawayankha, pakuti lilime ndinali nalo, koma pobwerera ndowa inkandilemera kuposa madzi ake. Ndinali ndi manyazi, ndipo manyaziwo anayamba kusanduka mkwiyo.

Loweruka lina mu Okutobala, kukutentha, mitambo itayamba kusonkhana cha kum'mawa, malume anatiitana. Panali amayi, nkhoswe ya kwathu, ndi abale angapo. Anatitsogolera kutsidya kwa kamtsinje, kumunda umene unagona zaka zinayi osalimidwa, wa dothi lakuda lofewa. Anayenda m'malire mwake pang'onopang'ono, akumanga mfundo pa udzu m'makona monga amachitira popereka malo, ife tikutsatira m'mbuyo. Atamaliza anaima n'kupukuta thukuta.

"Akamwini, mwakhala nafe, takuonani. Simumwa, simumenya, simuba. Kuyambira pa msuku uwo mpaka kumtsinje, munda uwu ndi wanu ndi banja lanu. Mumange nkhokwe yanu."

Amene sanakulire kwathu sangadziwe kukula kwa mawu amenewa. Mkamwini amayamba ndi kulima kwa apongozi, akuyesedwa. Kupatsidwa munda wakewake ndiye kuti mudzi wamulandira, wasiya kukhala mlendo. Ena ankadikira zaka zisanu akugwa ndi khasu. Ulemu wotere sukanidwa, ndipo palibe anali atamvapo za munthu amene anaukana. Akazi anali atakonza kale kukhosi kuti alulute.

Amuna anga ananjuta n'kuomba m'manja.

"Zikomo kwambiri, malume. Ndathokoza ndi mtima wonse. Koma ndikupempha kuti mundisungire mpaka Khirisimasi idutse. Dzina langa lili pachitatu. Ndikalandira lero, Lolemba akandifunsa ndikayankha chiyani?"

"Mukayankha kuti muli ndi munda," malume anatero akumwetulira. "Kodi sizikhala zoona?"

Nthungululu zinabwerera m'mimba. Ndinayang'ana amayi, ndipo amayi anali akuyang'anitsitsa chulu ngati sanachionepo chulu. Pamenepo ndinazindikira kumene nkhani yanga yoseketsa ija inakafika. Unali msampha. Koma ndiyenera kuwachitira chilungamo malume: nyambo yake inali munda weniweni, wabwino kuposa minda yonse ya mbumba yathu, ndipo akanalandira, malume akanakondwera ndi mtima wonse.

"Mvula sisungira munthu munda," malume anatero. "Ganizani mpaka Loweruka likudzali."

Titafika kunyumba ndinatseka chitseko, ngakhale linali dzuwa la masana.

"Landirani munda," ndinatero. "Lolemba mukanene kuti mulibe. Ndani adzakwere phiri lino kudzauyeza?"

"Ndiname?"

"Aliyense pa benchi paja amanama. Kalaliki amanama." Ndinatsitsa mawu. "Wailesi imanama itakhala pa mpando."

"Amayi ake a mwana," anatero, "ine ndikanama kamodzi ndatsala ndi chiyani? Nyumba ino ili pa dothi la eni. Chimanga chimene ndimadya n'cha eni. Mwanayu ndi wa mbumba yanu. Changa pano ndi dzina lija m'buku, ndipo lili m'menemo mwachilungamo."

Mawu amenewa ndinawamva, koma anadzandilowa patapita miyezi. Tsikulo mtima unali utatentha.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munda uli pamphuno panu. Lole yanuyo ndani anaionapo?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Zaka ziwiri tikuiyang'ana nkhono yanuyo. Mwina ndi yakhungu."

Lolemba amuna anga anavala taye n'kupita, n'kukanena kuti alibe munda, ndipo zinali zikadali zoona. Loweruka linafika n'kudutsa. Malume anatumiza uthenga ku Ntchisi kuti ankhoswe abwere.

Anabwera akulu awo a amuna anga, bambo wamtali wosayankhula kwambiri. Tinakhala pansi pa mango paja. Tsiku limenelo wailesi inachotsedwa pa mpando kuti mlendo akhalepo. Mlendoyo anayesetsa. Anati mng'ono wawo ndi munthu wophunzira, kuti zinthu zili pafupi kutheka, kuti tonse tidzadyerera. Malume anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu monga ankachitira ndi wailesi.

"Ife sitikuthamangitsa munthu," anatero. "Koma kuno munthu amakhala ndi munda. Wokana munda wanena yekha kuti ndi wapaulendo, ndipo wapaulendo sitimugwira mwendo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe, mwini wake, ukuti chiyani?"

Ndinkadziwa mwambo. Ndikanati ndiwadikira, malume akanatipatsa dzinja lina, chifukwa ankhoswe sathetsa ukwati umene mkazi akuugwirabe. Mawu awiri anali okwana. Amuna anga anakweza maso n'kundiyang'ana, koyamba tsiku limenelo. Koma ine ndinkafuna kuti achite mantha. Ndinkafuna kuti akagone sabata imodzi kwa amayi awo, aganize bwino, abwerere atanyamula khasu.

"Ine ndilibe mawu," ndinatero.

Pamaso pa ankhoswe, mkazi akati alibe mawu wanena zonse.

M'mawa mwake anatenga sutikesi ndi Baibulo. Nyumba imene anamanga okha, chitseko chimene anakhoma, mwana amene anabereka, zonse anazisiya, monga amachokera mkamwini. Anagwira mwanayo pamutu kwa kanthawi, n'kutsatira akulu awo. Tsiku limenelo amayi anamwaza madeya pabwalo lawo, osanena kanthu kwa nkhuku.

Ndinadikira sabata imene ndinawaikira mumtima mwanga. Inatha. Mvula inagwa, tinadzala, tinapalira. Munda wa kutsidya uja malume anaupereka kwa mwamuna wa msuweni wanga, amene anaulandira ndi manja awiri asanamalize n'komwe kuuzidwa. Khirisimasi inadutsa. Mkwiyo wanga, umene ndinkaudalira kwambiri, unatha osanditsanzika. Loweruka ndinkapezeka ndakoleza makala a simbi, kenako n'kukumbukira kuti palibe choti ndisite. Ndinawasowa amuna anga. Ndilibe mawu ena okometsera.

Mu Febuluwale ndinabereka mwana kumbuyo n'kuuza amayi kuti ndikupita ku sikelo. Linali Lolemba. Panali malo amodzi pa dziko lonse pamene ndinkadziwa kuti munthu uja sangajombe.

Pa benchi panalibe amuna anga. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako ndinalowa n'kugwada pakhomo.

"Mayi, akazi sitilemba," kalaliki anatero asanandiyang'ane n'komwe.

"Sindikufuna ntchito, bwana, ndili nazo zokwana. Ndikufuna amuna anga."

Ndinatchula dzina. Anatsegula buku, n'kuyendetsa chala, ndipo nkhope yake inawala.

"Awa vuto lawo linatha, mayi. Ali pantchito."

Pa kamphindi kameneko ndinaona zonse: lole inabwera, munthu uja ali pa tebulo lake, akungodikira kutha kwa mwezi kuti adzatitenge. Ndinaona ngakhale nkhope za anzanga a kuchitsime.

"Kuti, bwana? Ku Lilongwe?"

"Kwawo. Anabwera kuno mu Novembala, wapansi kuchokera ku Ntchisi. Ndinawafunsa monga mwa nthawi zonse. Anati atafika kwawo amayi awo anawaonetsa munda. Anayankha okha kuti ali nawo. Munthu wabwino kwambiri, sanandivutitse."

Anatembenuza buku kuti ndione. Pa dzina lachitatu panali mzere, ndipo pambali pake panalembedwa kuti mlimi.

Tonse, ine, amayi, malume ndi nzeru zawo, sitinaganizepo chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amachidziwa. Mkamwini kwa mkazi ndi mlendo, koma kwawo ndi mwana wa mbumba. Mwana wamwamuna akabwerera ukwati utatha, amayi ake samufunsa ngati akufuna munda. Amangomulozera.

"Nanga lole ija?" ndinafunsa.

"Ikubwera, mayi. Zinthu zikuyenda bwino kwambiri. Onani benchiyo."

Ndinaiona. Panali anthu awiri, ndipo mmodzi ankadikira buluku lake kwa telala.

Sindinabwerere kunyumba. Ndinapeza lole ya feteleza imene inanditula pa mphambano ya ku Ntchisi, ndinagona kwa mayi wina wa mpingo wathu, ndipo m'mawa ndinayamba kukwera. Kumudzi kwawo ndinali nditapitako kamodzi kokha. Apongozi anga anandilandira popanda kundikalipira, zimene zinandipweteka kuposa kukalipa. Anandipatsa madzi akumwa, anasewera ndi mdzukulu wawo pang'ono, n'kundilozera kumunda.

Munda unali pa mtsetse wa phiri. Chimanga chinali chitamasula, chobiriwira mpaka kuoneka chakuda, ndipo m'mbali mwake munali mtedza wopanda udzu ndi umodzi womwe. Pa minda yonse imene ndinadutsa kuchokera kumsewu, umenewu unali wabwino koposa. Pakati pa mtedzawo panali munthu wopanda malaya, wopanda nsapato, wakuda ndi dzuwa, mapewa atatambasuka. Ndinawazindikira ndi kaweramidwe ka mutu. Mkwiyo uja unabwerera wonse nthawi imodzi.

"Mwafika, amayi ake a mwana."

"Ndafika."

Anapukuta manja pa udzu n'kutenga mwana. Mwanayo anawayang'ana n'kuyamba kulira, pakuti anali atawaiwala. Anamugwirabe pang'ono, kenako anandibwezera.

"Ndiye kulima mumatha," ndinatero.

"Ndimatha. Sindinanenepo kuti sinditha."

"Kwathu munaukana, kuno mwaulandira."

"Kuno sanandifunse. Ndinangodzuka m'mawa khasu lili pakhomo."

Tinakhala pansi m'mphepete mwa munda. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, ena okalipa, ena opepesa, koma anatuluka amodzi okha.

"Bwererani."

"Munda uja ulipo?"

"Anaupereka."

Anagwedeza mutu. "Ndiye ndikabwerere ku chiyani? Ku nkhuku za apongozi?"

Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu olasa. Sanaseke, inenso sindinaseke. Kenako analoza kumunsi, kumene kunali mitengo yozikidwa kale ndi mitolo ya udzu itaunjikidwa pambali.

"Ndikumanga apo. Amayi akuti ngati mungafune, adzatuma anthu kwa malume kukapempha chitengwa, kuti inu mudzakhale kuno." Anathothola kaudzu n'kukayang'ana. "Sindikunamizani. Kuno munda ndi wanga, inu mudzakhala mlendo. Chitsime n'cha eni, bwalo n'la eni. Zimawawa, ndikudziwa kawawidwe kake. Mukhala?"

Ndinayang'ana mapiriwo, amene sindinkadziwa dzina la limodzi lomwe. Ndinayang'ana mudzi umene unali m'munsimo, wa akazi amene anabadwira limodzi ndipo adzaikidwa m'manda amodzi. Ndinaganiza za minda ya amayi, imene tsiku lina idzakhala yanga, pakuti mwana wamkazi ndinali ndekha. Apo m'pamene mawu a amuna anga a tsiku lija ndinatseka chitseko anandilowa onse. Munthu uyu anakhala zaka zonse zija kwathu alibe chake, akusekedwa kudzera m'nkhuku, ndipo ine ndinkamutcha wouma mutu. Tsopano ankandipempha chinthu chomwecho, ndipo ndinachita mantha ndisanagone n'komwe usiku umodzi.

"Mbuzi ndazisiya pa chingwe," ndinatero.

Kwathu kunali anthu khumi oti n'kumasula mbuzi. Ndinkadziwa, iwonso ankadziwa.

"Zoonadi," anatero. "Mbuzi sizingakhalitse pa chingwe."

Anaimirira n'kundithandiza kumanga mwana kumbuyo. Anandiperekeza mpaka pamtsinje, monga amaperekezera mlendo, n'kubwerera kukamaliza mzere wawo.